Mmene mungatchulire mwini chithunzi pa nkhani za m'dera lanu

Pansi pa zithunzi zambiri zimene zimatuluka pa masamba a nkhani za m'madera pamalembedwa kuti "Chithunzi: Facebook", "Chithunzi: WhatsApp" kapena "Chithunzi: Intaneti". Mawu amenewa sanena kanthu. Facebook ilibe diso, ilibe chala chodinira kamera, ndipo sinaponde matope kukafika pa mlatho umene wakokoloka. Anaponda matopewo ndi munthu, wa dzina lake, amene anawononga batire ndi bandulo yake. Kulemba kuti chithunzi ndi cha Facebook kuli ngati kufunsidwa mwini nkhuku, inu n'kuyankha kuti munaipeza pamsewu.

Malangizowa ndi a atolankhani a wailesi za m'madera, oyendetsa masamba a nkhani za m'boma kapena m'tauni, ndi okonza kalata ya mpingo, ya sukulu kapena ya bungwe. Onsewa sakhala ndi wojambula wawowawo tsiku lililonse, choncho amadalira zithunzi za ena.

Dzina ndi chilolezo ndi zinthu ziwiri

Musanayambe, siyanitsani zinthu ziwirizi, chifukwa ambiri amagwera pamenepa. Kutchula dzina la wojambula ndi chinthu china, kupeza chilolezo chake ndi chinanso. Mukalemba dzina koma osapempha, mwatenga njinga ya mwini osabwereka, kungoti mukuuza anthu kuti ndi ya uje. Mukapempha koma osalemba dzina, mwabwereka bwino koma mukuyenda nayo ngati yanu.

Ku Malawi nkhani ya umwini wa ntchito za luso ili mu lamulo la Copyright Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989, ndipo zithunzi zili m'gulu la ntchito zotetezedwa. Bungwe loyang'anira zimenezi ndi Copyright Society of Malawi (COSOMA). Dziko la Malawi linalowanso mu pangano la Berne mu 1991, ndipo mfundo yaikulu ya panganoli ndi yakuti ntchito imatetezedwa ikangopangidwa, popanda kukalembetsa kulikonse. Ndiye kuti chithunzi chimene mnyamata wajambula ndi foni ya Itel pa msika wa Lizulu chili ndi mwini, ngakhale palibe chizindikiro cha © kapena dzina pakona. Panganoli limanenanso kuti mwini ntchito ali ndi ufulu wodziwika kuti ndiye anaipanga.

Kuika chithunzi pa Facebook sikuchotsa umwini. Malamulo a Facebook amanena kuti chimene mwaika chimakhalabe chanu, kungoti mwailola kampaniyo kuchionetsa. Chilolezo chimenecho mwapatsa kampani, osati aliyense wodutsa.

Chitsanzo chodziwika ndi cha ku Haiti. Pa 12 Januwale 2010 kunachitika chivomerezi, ndipo wojambula Daniel Morel, amene anali ku Port-au-Prince, anaika zithunzi zake pa Twitter kudzera pa TwitPic, tsamba loikapo zithunzi la nthawi imeneyo. Munthu wina anazikopera n'kuziika ngati zake. Bungwe lofalitsa nkhani la AFP linazitenga n'kuzigawa, kampani yogulitsa zithunzi ya Getty Images nayo inazigawa, poyamba zili ndi dzina la wokopera uja. Pambuyo pake dzina linakonzedwa kukhala la Morel, koma chilolezo panalibe. Mu Novembala 2013 khothi la ku New York linagamula kuti mabungwe awiriwa alipire madola pafupifupi 1.2 miliyoni chifukwa cha zithunzi 8. Zolakwa zonse ziwiri zili mu nkhani imodziyi: kukhulupirira munthu woyamba amene wapezeka ndi chithunzi, ndi kuganiza kuti dzina lokha likukwanira.

Gawo loyamba: funsani amene wakutumizirani

Chithunzi chikafika, funso loyamba likhale ili: "Mwajambula nokha, kapena nanunso mwatumiziridwa?" Musafunse kuti "Chithunzichi ndi chanu?" Munthu ayankha kuti inde chifukwa chili mu foni yake, kapena chifukwa nkhope ili pachithunzipo ndi yake. Mwini chithunzi ndi amene anagwira kamera, osati amene waimayo. Mfumu ikakutumizirani chithunzi chake ikutsegulira mjigo, wina anaijambula, ndipo ameneyo ndiye mukumufuna.

Pa WhatsApp yang'anani pamwamba pa chithunzi. Pakakhala mawu akuti "Forwarded", wotumizayo wachitenga kwina. Pakakhala mivi iwiri ndi mawu akuti "Forwarded many times", chadutsa m'manja osachepera asanu. Koma kusowa kwa mawuwa si umboni, chifukwa munthu akasunga chithunzi mu foni n'kuchitumiza mwatsopano, chizindikirocho sichioneka.

Akanena kuti anatumiziridwa, pemphani nambala ya amene anawatumizira, n'kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. Pa nkhani za m'dera ulendowu si wautali. Kawirikawiri pofika munthu wachitatu kapena wachinayi mumakhala mwamupeza, chifukwa anthu a dera limodzi amadziwana. Woyendetsa gulu la WhatsApp, mlembi wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi kapena wa kabaza wa pa siteji akhoza kukuuzani kuti anali ndi foni m'manja panthawiyo ndani.

Gawo lachiwiri: tsimikizani kuti ndi iyeyo

Wina akati "ndajambula ndine", muyeseni mwaulemu ndi zinthu zitatu.

Pemphani kuti atumize chithunzicho ngati Document, osati kudzera pa Gallery. WhatsApp imapanikiza chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse, n'kufufuta zimene kamera inalemba m'kati mwake. Chikatumizidwa ngati Document chimafika chathunthu, ndi dzina lake la fayilo. Dzinalo limaulula zambiri. Fayilo yochokera mu kamera imakhala ndi dzina longa DSC_0412 kapena IMG_0412, ndipo mafoni ambiri a Android amalemba tsiku ndi nthawi, monga IMG_20230313_101522. Koma dzina longa IMG-20230313-WA0012, lokhala ndi zilembo WA, likusonyeza kuti fayiloyo inadutsa kale pa WhatsApp, ndipo tsikulo ndi limene inalowa mu foniyo, osati limene inajambulidwa.

Tsegulani fayiloyo pa kompyuta. Pa Windows dinani batani la kumanja la mausi, sankhani Properties, kenako Details. Muona tsiku lojambulira, mtundu wa foni kapena kamera, ndipo nthawi zina dzina la wojambula pa Authors ndi Copyright. Zimenezi zimatchedwa EXIF ndi IPTC. Pulogalamu yaulere ya ExifTool imaonetsa zonse. Ngati munthu akuti wajambula ndi Tecno koma fayilo ikunena Canon, pali zofunsa. Dziwaninso kuti tsiku likhoza kulakwika ngati wotchi ya kamera sinatcheredwe, choncho musagamule ndi tsiku lokha.

Chachitatu ndiye chophweka ndiponso champhamvu: pemphani zithunzi zina za pamalo omwewo. Kawirikawiri munthu sajambula chithunzi chimodzi chokha pa ngozi kapena pa mpira. Wojambula weniweni amakhala ndi zina zinayi kapena zisanu, zina zopindika, zina zosaoneka bwino. Wokopera amakhala ndi chimodzi chomwecho. Mufunseninso kuti anaima pati ndipo inali nthawi yanji. Amene analipo amayankha osaganiza.

Gawo lachitatu: chifufuzeni pa intaneti

Ngati unyolo waduka, kapena chithunzi chikuoneka chokongola kwambiri kuposa cha foni, chifufuzeni. Pa Google Lens ikani chithunzicho n'kuyang'ana zofanana nacho ndendende. Pa TinEye, tsamba lina lofufuzira zithunzi, ikani chithunzi, kenako sanjani zotsatira ndi "Oldest" kuti muone chakale kwambiri, ndi "Biggest image" kuti muone chachikulu kwambiri. Chachikulu ndi chosadulidwa kawirikawiri chimakhala pafupi ndi mwini wake, ndipo nthawi zambiri dzina limene wina anadula pakona limaonekanso pamenepo. Tsiku la pa TinEye ndi limene makina awo anachipeza, osati limene chinajambulidwa. Bing ndi Yandex nazo zili ndi njira yofufuzira ndi chithunzi, ndipo nthawi zina zimapeza chimene Google yaphonya.

Zida zimenezi zili ndi malire. Siziona za m'magulu a WhatsApp kapena m'magulu otseka a Facebook, choncho chithunzi cha dzulo cha ku Mitundu mwina sichipezeka n'komwe. Kusapezekako sikutanthauza kuti chilibe mwini. Ntchito yaikulu ya zidazi ndi kugwira zithunzi zakale ndi za kunja. Mvula ikavuta, zithunzi za madzi osefukira a mu Januwale 2015 ku Nsanje ndi Chikwawa, za namondwe Idai mu Malichi 2019, za Ana mu Januwale 2022 ndi za Freddy mu Malichi 2023 zikhoza kubwereranso ngati za lero. Madzi amafanana. Mphindi zisanu pa Google Lens zikhoza kukupulumutsani ku bodza limene owerenga a m'deralo, odziwa mtengo uliwonse wa pa mlathowo, angaligwire msanga.

Pa Facebook lembani mawu ofunika a nkhaniyo pofufuzira, n'kuyang'ana amene anaika chithunzicho poyamba. Onani nthawi yeniyeni ya positi iliyonse. Werenganinso ndemanga, chifukwa mwini chithunzi kapena mnzake amakonda kulemba pomwepo kuti "chithunzi ichi ndi changa".

Gawo lachinayi: pemphani chilolezo cholembedwa

Cholembedwa sichitanthauza kalata ya sitampu. Uthenga wa WhatsApp kapena SMS ukukwanira, bola unene zinthu momveka. Mukhoza kulemba chonchi:

"Muli bwanji achimwene. Ndine mtolankhani wa tsamba la nkhani za m'boma lino. Tikupempha kugwiritsa ntchito chithunzi chanu cha mlatho wokokoloka pa nkhani yathu ya lero, pa Facebook ndi pa webusaiti yathu. Kodi munajambula nokha? Mukutilola? Dzina lanu tilembe bwanji? Tingachidule pang'ono m'mbali?"

Uthengawu uli ndi zonse zofunika: chithunzi chake ndi chiti, chikatuluka pati, wojambula ndi iyeyo kapena ayi, dzina lilembedwe motani, ndiponso ngati mungachisinthe. Akayankha, jambulani sikirini ya zokambiranazo n'kuisunga. Akayankha ndi mawu ojambulidwa, sungani mawuwo. Akavomera pa foni, tumizani uthenga wobwereza zimene mwagwirizana, iwo ayankhe kuti "eya".

Funso la kalembedwe ka dzina musalidumphe. Ena amafuna dzina lawo lenileni, ena la situdiyo yawo chifukwa ndilo limawabweretsera makasitomala a maukwati. Dzina la pa Facebook nthawi zambiri si limene munthu amafuna kuti lituluke pa nkhani. Funsaninso masipelo: Chimwemwe kapena Chimwemwie, Phiri kapena Piri, mwini wake ndiye akudziwa.

Nkhani ya ndalama ikambidwe chithunzi chisanatuluke. Ngati mulibe ndalama, nenani poyera kuti simulipira, munthu asankhe yekha. Mawu akuti "tikutchukitsani" si malipiro, ndipo ojambula amene amadyera kamera anatopa nawo. Ngati mwagwirizana mtengo, tumizani pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, n'kusunga uthenga wotsimikizira pamodzi ndi chilolezo chija.

Chilolezo chili ndi malire ake. Chimene mwapatsidwa pa nkhani ya lero si chilolezo cha kalendala ya chaka chamawa, chikwangwani cha malonda kapena lipoti lopita kwa opereka thandizo. Sichikupatsaninso mphamvu yogawira wailesi ina. Mnzanu wa nyumba ina youlutsira nkhani akachifuna, mupatseni nambala ya mwini wake, mwiniyo atavomera.

Ngati wojambulayo ndi wolembedwa ntchito ndi nyuzipepala, khonsolo kapena bungwe, ndipo anajambula ali pa ntchito, pemphani kwa mkonzi kapena mneneri wa bungwelo, chifukwa nthawi zambiri mphamvu yololeza imakhala kumeneko. Kwa amene mukuyendetsa masamba muli kunja, malamulo amasiyana. Ku South Africa lamulo la 1978 limati munthu akalamula chithunzi n'kulipira, umwini umakhala wa wolipirayo pokhapokha atagwirizana zina. Ku Britain lamulo la 1988 limalola kugwiritsa ntchito pang'ono ntchito za ena pofalitsa nkhani zongochitika kumene, koma zithunzi linazichotsa mwachindunji pa mwayi umenewu.

Mwini wake akapanda kuyankha, kukhala chete si kuvomera. Pali njira zitatu. Ngati positi yake ili poyera, dinani Share kapena iikeni pa webusaiti ndi Embed, kuti dzina ndi tsamba lake zioneke zokha. Kapena tumizani munthu akajambule chanu. Kapena tulutsani nkhani popanda chithunzi. Nkhani siifa chifukwa chosowa chithunzi.

Gawo lachisanu: lembani mzere wa dzina

Mawu a pansi pa chithunzi ali ndi mbali ziwiri. Yoyamba imafotokoza chimene chikuoneka: ndani, akutani, kuti, liti. Yachiwiri imanena mwini chithunzi. Musazisakanize. Kalembedwe kake kamasintha malinga ndi kumene chithunzi chachokera.

Cha wojambula woima payekha kapena cha wowerenga: "Chithunzi: Uje Ujeni".

Cha wojambula wa bungwe, dzina la munthu liyambe, la bungwe litsatire: "Chithunzi: Uje Ujeni/MANA". Chikachokera ku nyuzipepala monga The Nation kapena The Daily Times, chitani chimodzimodzi, mutapempha. Zithunzi za AFP, Reuters, AP ndi Getty Images ndi zogulitsa. Kulemba dzina lawo pansi sikulowa m'malo mwa kulipira, ndipo ena mwa mabungwe oterewa amagwiritsa ntchito makampani ofufuza zithunzi zawo pa intaneti n'kutumiza kalata yolipiritsa. Tsamba laling'ono lingozipewa.

Choperekedwa ndi apolisi, khonsolo, chipani kapena bungwe lothandiza anthu: "Chithunzi: Choperekedwa ndi Khonsolo ya Boma la Uje", ndipo ngati wojambula akudziwika, dzina lake liyambe. Apa mzerewu ukugwira ntchito ina yoposa ulemu. Ukuuza wowerenga kuti chithunzichi chinasankhidwa ndi mbali imene ili ndi chidwi pa nkhaniyo. Chithunzi cha anthu akumwetulira polandira ufa chimawerengeka mosiyana wowerenga akadziwa kuti anajambula ndi ogawa ufawo.

Cha pa maliro kapena cha mu alubamu ya banja: "Chithunzi: Choperekedwa ndi banja". Ngati ndi chosindikizidwa pa pepala, chitembenuzeni. Zithunzi zambiri zakale zili ndi sitampu ya situdiyo kumbuyo, ndipo ngati ilipo itchuleni. Kujambula chithunzi cha pakhoma ndi foni yanu sikukusandutsani mwini wake.

Chodulidwa mu vidiyo: "Chithunzi: Chotengedwa mu vidiyo ya Uje Ujeni". Chilolezo chikufunikabe.

Chakale: yambani ndi mawu akuti "Chithunzi chakale", n'kulemba chaka ndi malo, monga "Chithunzi chakale: Chilobwe, Blantyre, Malichi 2023. Wojambula: Uje Ujeni". Chongoperekera chitsanzo, monga munda wa chimanga wa kwina pa nkhani ya mbozi, lembani "Chithunzi chongoyerekezera". Chopangidwa ndi makina a AI, nenani choncho poyera, ndipo musachiike pa nkhani ya chinthu chimene chinachitikadi.

Zithunzi za Creative Commons

Creative Commons (CC) ndi laisensi zimene eni zithunzi amalolezera nazo anthu kugwiritsa ntchito zithunzi zawo mwaulere, ndipo apa m'pofunika kukhazikika, chifukwa anthu akamva kuti "zaulere" amasiya kuwerenga. Pa masamba osungira zithunzi a Wikimedia Commons ndi Flickr pali zithunzi zambiri za Nyanja ya Malawi, phiri la Mulanje, misika ndi misewu, zimene eni ake analoleza kale aliyense kugwiritsa ntchito, koma ndi mfundo zake. Zilembo za laisensi ndizo mfundozo. BY ikutanthauza kuti mutchule mwini. SA ikutanthauza kuti mukachisintha n'kupanga chinthu chatsopano, chatsopanocho chituluke ndi laisensi yomweyo. NC ikuletsa kuchigwiritsa ntchito pa zamalonda. ND ikuletsa kufalitsa chosinthidwa. CC0 ndiye kuti mwini wake anasiya ufulu wake wonse mmene lamulo likulolera.

Mzere wake ukhale ndi zinthu zinayi: mutu wa chithunzi ngati ulipo, dzina la wojambula, kumene mwachitenga, ndi laisensi. Mwachitsanzo: "Phiri la Mulanje, wojambula Uje Ujeni, kuchokera pa Wikimedia Commons, CC BY-SA 4.0". Pa webusaiti, mawu a kumene mwachitenga akhale linki yopita pa tsamba la chithunzicho, ndipo a laisensi akhale linki yopita pa laisensiyo. Ngati mwadula kapena kusintha mtundu, onjezani kuti "chadulidwa" kapena "chasinthidwa mtundu", chifukwa laisensi za Creative Commons za mtundu wa 4.0 zimafuna kuti kusinthako kunenedwe.

Zolakwa zofala ndi ziwiri. Choyamba ndi kulemba "Chithunzi: Wikipedia". Wikipedia siinajambule. Dinani chithunzicho mpaka mufike pa tsamba lake la Commons, pamene pali dzina la wojambula ndi laisensi, ndiponso pali batani lokopera mzere wokonzedwa kale. Chachiwiri ndi kutenga cha NC n'kuchiika pa tsamba limene lili ndi malonda kapena nkhani zolipiridwa. Ngati tsamba lanu limalandira ndalama za otsatsa, pewani za NC kapena pemphani mwini wake mwapadera. Wikimedia Commons salandira zithunzi za NC ndi ND, choncho vutoli mukumana nalo kwambiri pa Flickr.

Masamba a zithunzi zaulere a Unsplash, Pexels ndi Pixabay sakakamiza kutchula dzina, koma lembanibe. Zimathandiza wowerenga kudziwa kuti mayi ali pachithunziyo si wa m'mudzi umene nkhani ikunena.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: ikani dzina pamene lingaoneke

Pa pepala losindikiza, dzina likhale pansi pa chithunzi penipeni kapena choimirira m'mbali mwake, ndi zilembo zazing'ono koma zowerengeka. Osaunjika mayina onse pa tsamba lomaliza.

Pa Facebook, positi yaitali imadulidwa ndi "See more", ndipo ambiri sadina. Ikani dzina m'mizere yoyambirira, kapena lembaninso pa chithunzi chilichonse payekha, chifukwa munthu akatsegula chithunzi chimodzi mu alubamu saona mawu a positi yonse. Zithunzi zikakhala za anthu osiyana, chilichonse chikhale ndi dzina lake. Musaike dzina mu ndemanga, chifukwa ndemanga zimakwiririka ndipo siziyenda ndi positi ikagawidwa. Kumutaga munthu ndi kwabwino ngati wavomera, koma lembaninso dzina lake ndi zilembo, chifukwa akatseka akaunti tagiyo imatha.

Pa webusaiti ya WordPress, dzina lilowe mu bokosi la Caption. Bokosi la Alt Text ndi lofotokozera chithunzi kwa osaona amene amagwiritsa ntchito makina owerenga, ndipo silioneka pa tsamba. Samalani ndi chithunzi chachikulu cha pamwamba, chotchedwa Featured Image: mapangidwe ambiri a webusaiti saonetsa mawu ake. Tsegulani nkhaniyo pa foni muone. Ngati dzina silikuoneka, lilembeni pamzere woyamba kapena womaliza wa nkhani.

Popeza zithunzi zimayenda zokha pa WhatsApp zitasiya mawu kumbuyo, njira yolimba ndi kulemba dzina pa chithunzi penipenipo, pakona ya m'munsi, mwini wake atalola. Chimene simuyenera kuchita ndi kudula dzina kapena chizindikiro cha mwini, kapena kumata chizindikiro cha wailesi yanu pamwamba pake. Ngakhale pamene palibe chizindikiro cha mwini, kumata chanu chokha pa chithunzi cha wina kumauza anthu kuti ndi chanu. Ngati mukufuna chizindikiro chanu chioneke, chikhale kona ina, dzina la wojambula kona ina.

Musanakweze chithunzi pa webusaiti, lembani dzina la wojambula m'kati mwa fayilo, pa Authors ndi Copyright paja munaona pa Details. Google Images imawerenga zimenezi n'kuonetsa dzina la mwini pambali pa chithunzi.

Pamene dzina liyenera kubisidwa

Nthawi zina kutchula dzina n'kumuika munthu m'mavuto. Namwino amene wajambula mashelefu opanda mankhwala, wophunzira amene wajambula mphunzitsi akumenya ana, munthu amene wajambula wolandira ziphuphu, onsewa akhoza kuchotsedwa ntchito kapena kuopsezedwa. M'mudzi aliyense amadziwana. Mufunseni mwachindunji ngati akufuna dzina lake lituluke, ndipo mufotokozereni zimene zingatsatire. Akakana, lembani "Chithunzi: Chotumizidwa ndi wowerenga, dzina tasunga". Mkonzi yekha adziwe dzinalo. Apa chitani zosemphana ndi zija: fufutani zonse za m'kati mwa fayilo, chifukwa mafoni ena amalembamo malo enieni pamene munthu anaima. Pa Windows, pansi pa Details pali mawu akuti "Remove Properties and Personal Information". Yang'ananinso chithunzicho bwino, chifukwa mthunzi, galasi kapena zenera limene anajambulirapo zikhoza kumuulula.

Chilolezo cha wojambula sichikhudza anthu amene ali pachithunzi. Mwana amene ali pa mlandu kapena wachitiridwa nkhanza, wodwala ali pa bedi, mtembo pa ngozi: mwini chithunzi akhoza kuvomera, koma zimenezo sizikupatsani ufulu woonetsa nkhopezo. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limateteza ana a pa milandu kuti asadziwike, ndipo malamulo a kagwiridwe ka ntchito a Media Council of Malawi amafuna kusamala pa za ana ndi anthu amene ali pa chisoni.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: sungani kaundula

Buku la hadikava kapena tsamba la Google Sheets likukwanira. Jambulani mizere ya tsiku, dzina la fayilo, wojambula, nambala yake, malo ndi tsiku lojambulira, zimene analoleza, ndalama zimene munalipira, ndi nkhani imene chithunzi chinatulukapo. Fayilo iliyonse ipatseni dzina latsopano lokhala ndi tsiku, malo ndi wojambula, monga 2023-03-13_Chilobwe_UjeUjeni. Sikirini ya chilolezo ikhale mu foda yomweyo.

Chifukwa chake n'chakuti zolakwa zambiri sizichitika tsiku loyamba. Zimachitika patapita chaka, wodzipereka amene analandira chithunzi atachoka, wina watsopano n'kuchipeza mu kompyuta chili ndi dzina la IMG-WA0012, n'kulemba kuti "Chithunzi: Chathu".

Mukalakwitsa, kapena ena akakulakwirani

Mwini chithunzi akadandaula, muyankheni tsiku lomwelo. Musafufute ndemanga yake, musamutseke, ndipo musayankhe kuti "tinachipeza pa gulu". Mupempheni fayilo yoyambirira kuti mutsimikize, kenako mufunseni chimene akufuna: dzina, malipiro kapena kuchotsa chithunzi. Mukakonza, lembani pansi pa positi kuti "Takonza: chithunzichi anajambula ndi Uje Ujeni. Poyamba sitinatchule dzina lake, tapepesa." Pa pepala losindikiza, kukonzako kutuluke m'kope lotsatira. Pa zithunzi za laisensi ya Creative Commons 4.0, mukakonza cholakwa pasanathe masiku 30 kuchokera pamene mwachidziwa, chilolezo chimabwerera chokha. Kunyalanyaza kuli ndi mtengo wake: Facebook ili ndi fomu yodandaulira za umwini, imachotsa positi, ndipo tsamba limene ladandaulidwa mobwerezabwereza likhoza kutsekedwa pamodzi ndi otsatira onse amene munasonkhanitsa.

Chikakhala chanu chimene chatengedwa, yambani ndi umboni musanalankhule: sikirini yoonetsa tsiku, linki ya positi, ndi fayilo yanu yoyambirira. Lemberani mkonzi kumbali, nenani chimene mukufuna ndi tsiku limene mukuyembekeza yankho. Akakhala chete, gwiritsani ntchito fomu ya Facebook ija, kapena kadandauleni ku Media Council of Malawi ngati ndi nyumba youlutsira nkhani. Pa za umwini ndi malipiro, funsani uphungu ku COSOMA, mutanyamula fayilo yoyambirira ndi zithunzi zina zija za pamalo omwewo.